Miyala Yamasamba ya ku Honde ndi ku Chipinge

Nkhani ya madzulo ano iri ya miyala. Omvera ena angadabwe kuti kodi mwala uli ndi nkhani yanji, popeza sulankhula, sudyedwa, ndipo mlimi amangouponya kunja kwa munda khasu lace likagunda pa iwo. Koma munthu womanga nyumba m'mbali mwa phiri, munthu wokumba citsime, wolambula mseu, ndi uja waona kanthu konyezimira mumtsinje nayesa kuti ndi golidi, onsewo angathe kupulumutsa ndalama zao, mwinanso moyo wao umene, akadziwa kuzindikira banja limodzi la miyala limene lifotokozedwe pano.

Kum'mawa kwa Zimbabwe, m'malire ndi dziko la Mozambique, kuli mzere wa mapiri wotalika makilomita monga 300. Phiri lalitali koposa onse m'Zimbabwe liri komweko, dzina lace Nyangani, ndipo msinkhu wace ndi mamita 2,592 kucokera pa nyanja yamcere. M'tsinde mwace muli cigwa ca Honde, cotentha ndi camvula yambiri, m'mene madzi a mathithi a Mutarazi amagwera kucokera pamwamba mamita oposa 700. M'cigwamo muli minda ya tiyi monga ya Aberfoyle. Kumwera kwa mzere womwewo, kupitirira mapiri a Chimanimani, kuli Chipinge, kumene Arthur Ward ndi Grafton Phillips anayamba kubzala tiyi m'caka ca 1924 pa munda wochedwa New Year's Gift, pafupi ndi mtsinje wa Tanganda, ndi mbeu zocokera ku Assam m'dziko la India. Anthu ambiri a ku Malawi ndi a ku Mozambique anapita kukagwira nchito m'minda ya m'dera limenelo, ndipo zidzukulu zao zina ziri komweko kufikira lero.

Tiyi amakonda mapiri amvula, ndipo pamene pali munda wa tiyi pafunika miseu yokhotakhota yonyamulirapo masamba kunka ku fakitale. Polambula miseu yotere anthu amadula mbali ya phiri, ndipo zimene zinabisika pansi pa dothi zimaonekera poyera. Munthu woyenda m'mapiri a m'malirewo, akayang'anitsitsa m'zipupa za mseu ndi m'matanthwe a m'mitsinje, amaona kuti miyala siiri yofanana. Ina iri yamphumphu ngati nsima yozizira, yosaoneka mbali yoyambira kuiswa. Koma ina iri ndi mizere, ndipo ikamenyedwa ndi nyundo imang'aluka mbali imodzi yokha, monga nkhuni imawazika motsata mitsempha yace. Anzeru a miyala anaipatsa dzina locokera ku mau a Cilatini otanthauza tsamba, cifukwa iri ngati masamba osanjikizana. M'nkhani ino idzachedwa miyala yamasamba.

Kuti munthu amvetse m'mene masambawo anabwerera, ayenera kuyamba wadziwa kuti miyala yonse ya pa dziko lapansi iri m'mabanja atatu. Banja loyamba ndi la miyala imene kale inali yosungunuka ngati phala lamoto, nizizira, niuma. Yotere ndi granite, mwala wa mapiri osalala ambiri a m'Zimbabwe, ndi dolerite, mwala wakuda wolemera umene umapezeka pa Nyangani ndi ku Mount Selinda. Banja laciwiri ndi la miyala imene inayamba ngati matope ndi mcenga zokokoloka ndi madzi, nizikhazikika pansi pa nyanja, caka ndi caka, kufikira zinagwirana ndi kulimba. Banja lacitatu ndi la miyala yosandulika, ndiye kuti miyala ya mabanja awiri aja imene inakwiririka pansi kwambiri, nitenthedwa ndi kupanikizidwa kufikira maonekedwe ace anasinthika, koma osasungunuka ai. Dzina la banja limeneli analibukitsa ndi Charles Lyell wa ku Scotland m'caka ca 1833. Miyala yamasamba iri m'banja lacitatuli.

Mai aliyense woumba mbiya adziwa kuti mtapo ukalowa pamoto subwereranso kukhala mtapo. Mbiya siisungunuka, koma imaturuka yolimba, yofiira, ndi yolira poigogoda. Zotere zimacitikanso pansi pa dziko, koma pang'onopang'ono, kwa zaka zosawerengeka. Anthu amene anagwirako nchito m'migodi yakuya ya ku Joni angacitire umboni kuti munthu akamatsika pansi kutentha kumakula. M'malo ambiri kutentha kumaonjezeka ndi madigiri monga 25 pa kilomita iliyonse, kotero kuti pa makilomita 20 mwala umakhala pa madigiri monga 500, pamene madzi amawira pa madigiri 100 okha. Kulemera kwa miyala yapamwamba nakonso nkoopsya. Pa makilomita 10 pansi, kamalo kakang'ono ngati cikhadabo ca munthu kamasenza matani pafupifupi 3.

Komabe kutentha ndi kulemera pa zokha sizibala masamba. Mwala ukapanikizidwa mofanana mbali zonse umangolimba. Masamba amabwera pamene kupanikiza kwa mbali imodzi kwaposa kwa mbali zina. Alimi a fodya a ku Kasungu ndi ku Chipata angamvetse msanga cinthu cimeneci. Fodya akamaikidwa m'bokosi lodindira, masamba ena amapindika, ena amatukuka. Koma jeke ikatsika, onse amagona cafufumimba, mopingasa njira imene mphamvu ikudzera. M'matope muli timbewu tating'onoting'ono taphanthiphanthi ngati mamba a nsomba, ndipo mwala wamatope ukafinyidwa, timambato timatembenuka ndi kugona mbali imodzi. Tina timasungunukira m'timadzi ta m'mwalamo kumbali yofinyidwa, nitimeranso kumbali kumene kuli mpata. Cotero mwala wonse umakhala ndi njira imodzi yong'alukira.

Amene anasonyeza cimeneci poyera ndi Henry Clifton Sorby wa mumzinda wa Sheffield ku England. Iye anali kupala miyala kufikira inapyapyala kotero kuti kuwala kunapyola, naiyang'ana m'galasi lokulitsa zinthu. M'caka ca 1853 analemba kuti kung'aluka kwa sileti kumadza cifukwa ca kupanikizidwa, ndipo pofuna kutsimikiza anasakaniza timamba ta citsulo m'dothi loumbira, nalifinya, naona kuti timamba tonse tagona mbali imodzi. Mphunzitsi aliyense angathe kucita comweco ndi ana ace a sukulu. Atenge mtapo, asakanizemo mamba a cambo kapena mankhusu a mpunga, aumbe cibuma cozungulira, acipsinje ndi thabwa, ndipo acidule pakati ndi mpeni. Anawo adzaona ndi maso ao cimene cinacitikira mapiri.

Tsono miyala yamasamba iri ya mitundu inai yaikuru, yotsatana monga makwerero, malinga ndi kukula kwa moto ndi mphamvu zimene inakomana nazo.

Woyamba ndi sileti. Akuluakulu amene anaphunzira kulemba a, e, i, o, u pa sileti ya mwala ku sukulu za mishoni anaugwira mwala umenewu m'manja mwao. Masileti ambiri a masiku amenewo anali kukumbidwa ku Ulaya, makamaka m'mapiri a ku Wales, kumene kunali migodi yaikuru ya Penrhyn ndi Dinorwig, ndipo kumeneko amafolera nao nyumba. Sileti ndiwo mwala wamatope umene unatenthedwa pang'ono, pa madigiri monga 200 kapena 300. Timbewu tace sitioneka ndi maso. Maonekedwe ace ndi otuwa kapena akuda, mwina obiriwira kapena ofiirira, osanyezimira. Umang'aluka mapale osalala ndi opyapyala, ndipo phale lace likagogodedwa limalira kuti ngwee ngati mbale yadothi yopsya bwino.

Waciwiri ndi phyllite. Moto ukakula pang'ono, timamba tija timakulanso, ngakhale diso silingathe kutipatula kamodzikamodzi. Cizindikiro cace ndi kuwala. Munthu akautembenuza padzuwa umang'anima mofewa ngati nsaru ya silika, ndipo nkhope yace siikhala yosalala ngati ya sileti, koma yamakwinya ang'onoang'ono ngati mcenga wa m'mbali mwa nyanja pamene mafunde adutsapo.

Wacitatu ndi schist. Pamenepa timamba takula kotero kuti aliyense angatione, ndipo tingathe kutukulidwa ndi nsonga ya mpeni. Timambato dzina lace ndi maika. Tina ntoyera ngati siliva, tina ntakuda. Mwala umenewu umanyezimira kwambiri, umang'aluka mosalongosoka, ndipo ukagwiridwa umasiya tonyezimira m'manja. Kawirikawiri m'kati mwace mumakhala timiyala tina tolimba timene tinamera pamene mwalawo unali kupsya. Todziwika kwambiri ndi garnet, tofiira ngati magazi ouma, tozungulira koma tokhala ndi mbali zosalala, tina tating'ono ngati mapira, tina ngati nzama. Masamba a mwalawo amapinda mozungulira timiyalato monga madzi a mumtsinje amalambalala thanthwe. Palinso schist wina wobiriwira, ndi wina wofewa kotero kuti cikhadabo cimamukanda, woterera m'manja ngati sopo, cifukwa muli talc wambiri. Mbalame 8 zosema zimene zinapezeka m'mabwinja a Great Zimbabwe, zimene cithunzi ca imodzi ciri pa mbendera ya dzikolo, zinasemedwa ndi mwala wofewa wa talc.

Wacinai ndi gneiss, umene pochula amati naisi. Uwu ndiwo unafika pa moto waukuru, madigiri 600 kapena kuposa, pafupi ndi kusungunuka. M'menemo timbewu toyera tinapatukana ndi takuda, ndipo mwalawo uli ndi mizere yoyera ndi yakuda yosinthana ngati ya mbidzi. Mizereyo nthawi zina imapindikapindika modabwitsa, kusonyeza kuti thanthwe lolimbalo linafewa ngati phula pamene linali pansi. Gneiss sang'aluka msanga monga anzace atatu aja. Ngwolimba, ndipo amaswedwa kukhala miyala ya konkire ndi ya maziko. Omvera a ku Malawi ndi a kum'mawa kwa Zambia safunika kupita kutali kukamfuna, pakuti mbali yaikuru ya dziko lao yakhala pa mwala umenewu.

Makwerero amenewa anawalongosola bwino ndi George Barrow, amene anayenda m'mapiri a ku Scotland nalemba za iwo m'caka ca 1893. Iye anaona kuti munthu akamayenda kucokera kumene miyala inapsya pang'ono kunka kumene inapsya kwambiri, timiyala tatsopano timayamba kuoneka motsatana, ndipo dongosolo lace silisintha. Maika wakuda amayamba, garnet amatsatira, pambuyo pace staurolite, kenaka kyanite wobiriwira ngati thambo, ndipo potsiriza sillimanite. Cotero katswiri akatola mwala naona timiyala tiri m'menemo, amadziwa kukula kwa moto umene unauphika, monga mai amadziwa kupsya kwa mbiya poona maonekedwe ace. Kyanite ameneyu amapezeka ku Kapiridimba m'boma la Ntcheu, kumene anakumbidwapo m'zaka za m'ma 1950, pakuti amapangira njerwa zosasungunuka m'ng'anjo.

Koma si mwala uliwonse wosanjikizana umene uli wa banja limeneli, ndipo apa mpamene ambiri amasokera. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Pa mtunda wa Chipinge pali miyala yambiri yamatope ndi yamcenga imene akatswiri amaicha ya Umkondo, imene inakhazikika pansi pa madzi zaka monga 1,100 miliyoni zapitazo. Iyo nayo iri ndi mizere, koma yambiri mwa mizereyo ndi ya kusanjikizana kwa matope pamene anali kukhazikika, caka cina mcenga, caka cina matope. Mwala wamatope wosasandulika umasiyana ndi sileti motere: ukagogodedwa sulira, umangoti phu, ukanyowa umanunkha dothi, ndipo ukakhala pamvula nthawi yaitali umanyenyeka. Nthawi zina munthu wamwai amapeza thanthwe limene likuonetsa zonse ziwiri, mizere yakale ya matope ikupita uku, ndipo njira yong'alukira ikuidula mopingasa. Pamenepo palibenso kukaika kuti mwalawo unafinyidwa pambuyo pace.

Wina wonyenga ndi granite. Mapiri a granite amasendeka mapale akuluakulu pamwamba pace ngati anyezi, ndipo amisiri amene anamanga malinga a Great Zimbabwe anagwiritsa nchito mapale otere. Koma munthu akaswa phale limodzi nayang'ana m'kati, adzaona kuti timbewu tace tiri balala, tosatsata mbali imodzi. Kusendekako nkwa pamwamba pokha. Dolerite nayenso amasendeka makoko ofiirira, natsala mabulumwa ozungulira m'dothi lofiira, koma m'kati mwace ngwakuda ndi wamphumphu.

Palinso miyala imene inasandulikadi koma iribe masamba. Mcenga woyera wa nsangalabwi, umene anzeru amaucha quartz, ukapsya umasanduka quartzite, mwala wolimba kotero kuti mpeni suukanda. Ndipo mwala wa laimu ukapsya umasanduka marble, wonga uja uli pansi pa mzinda wa Lusaka. Timbewu ta miyala iwiriyi ntozungulira, ndipo kanthu kozungulira kalibe mbali yogonera. Nyemba zikafinyidwa m'thumba sizisanjikizana monga fodya. M'mapiri a Chimanimani, pakati pa Honde ndi Chipinge, mitundu iwiri iri pamodzi moti ngakhale mlendo angaisiyanitse ali patali. Nsonga zoyera zosongoka, pamodzi ndi phiri la Binga la mamita 2,436 limene liri lalitali koposa onse m'Mozambique, ndi za quartzite, ndipo dothi lace ndi mcenga wosabereka. Zitunda zozungulira zaudzu zimene ziri pakati pace ndi za schist, amene amafumbutuka msanga nasanduka dothi lofiirira.

Tsono mphamvu yotha kufinya mapiri inacokera kuti? Kwa zaka zambiri funso limeneli linabvuta anzeru. Alfred Wegener wa ku Germany ananena m'caka ca 1912 kuti maiko akuluakulu amayenda, ndipo Alexander du Toit wa ku South Africa anamcirikiza, koma ambiri anawaseka. M'zaka za m'ma 1960 mpamene umboni wocokera pansi pa nyanja zamcere unatsimikiza kuti cikopa ca dziko lapansi ciri m'zidutswa zikuluzikulu zimene zimasuntha masentimita owerengeka pa caka, monga kukula kwa cikhadabo. Zidutswa ziwiri zikagundana, m'mphepete mwace mumapindika, mapiri amatukuka, ndipo miyala ya pansi pa mapiriwo imaphikidwa ndi kufinyidwa. Zotere zikucitika lero lino ku mapiri a Himalaya, kumene India akukankha Asia. Ndipo tiyi wochuka wa ku Darjeeling amamera pa zitunda za gneiss ndi schist za kumeneko.

Pakati pa Zimbabwe pali cimake ca miyala yakalekale, ya zaka zoposa 2,500 miliyoni, ya granite ndi gneiss, ndipo yotere imaonekera m'cigwa ca Honde ndi m'zitunda zoyandikana naco. M'kati mwa cimakeco muli timizere ta miyala yobiriwira, monga uja wodutsa ku Mutare ndi Penhalonga, m'mene muli schist ndi golidi. Zaka monga 500 miliyoni zapitazo, pamene maiko anali kusonkhana kupanga dziko limodzi lalikuru lochedwa Gondwana, miyala yocokera kum'mawa inakankhidwira pamwamba pa mphepete ya cimakeco. Ncifukwa cace munthu woyenda kucokera kumadzulo kunka ku malire a Mozambique amaona kuti miyala ikunka nipindika ndi kunyezimira, kufikira pa schist wa ku Chimanimani ndi wa m'mbali mwa mtsinje wa Gairezi, kumpoto kwa Honde, m'mene muli garnet, staurolite ndi kyanite. Mzere wonse wa miyala yofinyidwa umene umayambira ku Mozambique, nudzera ku Malawi, Tanzania ndi Kenya, anaupatsa dzina lakuti Mozambique Belt ndi Arthur Holmes m'caka ca 1951. Iyeyo ali mnyamata anayendapo m'Mozambique m'caka ca 1911 kufunafuna miyala ya mtengo wapatali. Mapiri a nthawi imeneyo anatha kalekale ndi mvula ndi mitsinje, ndipo cimene anthu akupondapo lero ndi mizu yace. Codabwitsa cina ncakuti miyala yofanana ndi ya Umkondo ya ku Chipinge imapezeka ku Antarctica, dziko la cipale la kumwera kwenikweni, pakuti maiko awiriwa anali ogundana Gondwana asanang'ambike.

Womvera angafunse kuti, nanga zonsezi zimthandiza ciani munthu wamba? Phindu loyamba ndi la moyo. Mwala wamasamba ngwolimba mbali imodzi ndi wofooka mbali yina. Malata osanjikizidwa pa lole amakhala bata lole ikakhala poyalala, koma ikapendekeka ndipo tsekero la kumbuyo likacotsedwa, amatsetsereka limodzi ndi limodzi. Momwemonso masamba a mwala akapendekera kunsi, kuloza kumene kuli mseu kapena nyumba, ndipo munthu akadula tsinde la citundaco, wacotsa cimene cinali kuwachinga. Madzi a mvula amalowa pakati pa masambawo, maika amaola nasanduka dothi loterera, ndipo tsiku lina mbali ya phiri imatsika. Masamba akapendekera m'kati mwa phiri, cipupa cimaima molimba koposa. Cotero womanga asanakumbe ayang'ane kumene masamba aloza, ndipo akumbe ngalande pamwamba pa cipupa kuti madzi apatuke.

Anthu a ku Malawi amakudziwa kugumuka kwa mapiri, ndipo makolo anakucha napolo. Kunacitika ku Zomba m'caka ca 1946, ku Phalombe m'caka ca 1991, ndi ku Soche mumzinda wa Blantyre m'mwezi wa Marichi 2023. M'mwezi wa Marichi 2019 namondwe wochedwa Idai anadzera ku Beira nagwetsa mvula yosaneneka pa Chimanimani ndi Chipinge. Mapiri anagumuka usiku, matanthwe anatsikira pa nyumba za ku Ngangu, madzi anakokolola malo a Kopa, miseu ndi milatho zinaduka, ndipo anthu oposa 300 anafa m'Zimbabwe. Zifukwa za tsoka lotere nzambiri: kucuruka kwa mvula, kutsetsereka kwa phiri, dothi lokhuta madzi lokhala pa thanthwe, ndi kumanga m'njira ya madzi. Kagonedwe ka miyala ndi cimodzi mwa zimene akatswiri amapima akamasankha malo a mseu, a damu kapena a mudzi watsopano. Ndipo pali zizindikiro zimene munthu aliyense angaone: ming'alu yatsopano m'dothi pamwamba pa citunda, mitengo yoyamba kupendekera, kasupe wotumphuka pamene panalibe, ndi zitseko zokana kutsekeka. Woona zotere asazengereze kuuza mfumu ndi a boma.

Phindu laciwiri ndi la cuma. Maika wakuda akakhala nthawi m'madzi amasanduka wacikasu, ndipo mumcenga wa mitsinje yocokera ku miyala yamasamba mumadzala tonyezimira tonga golidi. Anthu ena anasiya minda yao cifukwa ca timeneti, ena anagula kwa onyenga. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Kuyesa kwace nkosabvuta. Golidi ngwolemera kwambiri, ndipo posukuluza mcenga m'mbale amatsalira pansi, pamene maika amauluka ndi madzi. Golidi akabayidwa ndi singano amabonyoka osasweka, koma maika amagawanika timamba. Golidi amaoneka cimodzimodzi pamthunzi ndi padzuwa, koma maika amang'anima mbali imodzi nazima akatembenuzidwa. Komabe miyala yamasamba iri naco cuma ceniceni. Miyala yobiriwira ya mtengo wapatali yochedwa emerald, ya ku Sandawana m'Zimbabwe imene inapezeka m'zaka za m'ma 1950, ndi ya ku Kafubu m'boma la Lufwanyama ku Zambia, imapezeka mu schist. Ku Malingunde, pafupi ndi Lilongwe, m'gneiss wofumbutuka muli graphite, cinthu cakuda cija ciri m'kati mwa pensulo. Wopeza kanthu kotere acitengere ku ofesi ya boma yoona za miyala asanaononge ndalama, pakuti safunsa anadya phula.

Phindu lacitatu ndi la madzi ndi dothi. Thanthwe la gneiss kapena schist liribe mipata yosungira madzi monga mcenga, koma pamwamba pace pamene lafumbutuka, ndi m'ming'alu yace, ndimo mumakhala madzi. Zitsime zambiri za mijigo m'zigawo za Lilongwe, Kasungu ndi Chipata zimamwa m'menemo. Ndipo tiyi amene nkhani ino inayambira amafuna dothi lakuya, losasunga madzi, ndi lowawasa, lopanda laimu. Mvula yambiri ya zaka zikwizikwi yafumbutula miyala ya ku Honde, ku Chipinge ndi ku Thyolo kufikira pansi patali, nitsuka laimu amene analimo, nisiya katondo wofiira amene mizu ya tiyi imakondwera naye. Dothi lotere likakokoloka silibwerera pa moyo wa munthu kapena wa mdzukulu wace, ndipo ncifukwa cace mizere ya tiyi imabzalidwa mopingasa citunda.

Tsono amene afuna kuyesa zimene wamvazi acite motere. Apite pamene thanthwe laonekera, m'cipupa ca mseu kapena mumtsinje nthawi ya cirimwe. Aswe kacidutswa ndi nyundo, atachinjiriza maso ace, pakuti kunja kwa mwala kumanyenga koma m'kati mumanena zoona. Akanyowetse ndi madzi, nakayang'ane padzuwa. Ngati timbewu tace tagona mbali imodzi, ndi mwala wamasamba. Wosawala, wosalala ndi wolira ndi sileti. Wowala ngati silika ndi phyllite. Wa timamba tooneka ndi maso ndi schist. Wa mizere yoyera ndi yakuda ndi gneiss. Atatero aike dzanja lace pa thanthwelo motsata masamba, nathirepo madzi pang'ono, naone kumene ayenderera. Kumeneko ndiko mwalawo ungatsetserekere, ndipo kunsi kwa malo otero munthu asamangeko nyumba asanafunse odziwa.

Nkhani ya madzulo ano yathera pamenepa.